Malezala, Thovu ndi Chibwano cha Bambo Ako

Kwa Tendai, mzime wanga,

Amene akukulembera ndi ine Yotamu Mwale, wosunga moto wa mabhani a fodya wopuma pa ntchito, wachiwiri kwa wachiwiri wa wapampando wa bungwe la maliro pa komboni ino, munthu amene anafika Sitandade 4 n'kuona kuti aphunzitsi alibenso chachilendo chomuuza, komanso mwini chibwano chodziwika kuyambira ku Mvurwi kuno mpaka ku Guruve. Ukhale bwino powerenga, uvule chisoti, ndipo ngati uli ndi chimanga chowotcha m'kamwa uyambe wameza. Anthu a maudindo ngati angawa sitilembalemba makalata.

Mawa ukunyamuka ulendo wa ku Ingalande kukasamalira nkhalamba za kumeneko. Ntchitoyo waiphunzira, mapepala atuluka, mlongo wako Rudo wawathamangira ku Harare mpaka nsapato zake kutseguka kukamwa. Koma Loweruka lapitali, ukundimeta pansi pa mango paja, unaima lumo lili m'mwamba n'kunena kuti, "Baba, nanga ndikapita azikumetani ndani? Mwina ndingosiya." Sindinakuyankhe, chifukwa unali utandigwira pakhosi ndipo chitsulo chinali kwa iwe. Lero ndili kutali ndi lumo, ndiye umve. N'zoona manja angawa amanjenjemera. Supuni ya shuga imafika m'kapu itatsala theka, ndipo nyerere za m'nyumba muno zanenepa chifukwa cha ine. Ngakhale zilembo zikuvinazi uzikhululukire. Koma kusiya ndege chifukwa cha ndevu za nkhalamba, zimenezo ayi. Taganiza amayi a pamjigo akufunsana: "Paja mwana wa a Mwale uja anapita?" "Ayi, sanapite." "Anamumana chitupa?" "Ayi, ndevu." Manyazi amenewo ine sindingawanyamule, msana unatha kale ndi mitolo ya fodya.

Ng'ombe ndilibe, munda si wanga, ndiye ndikupatsa chuma chimene ndili nacho: zonse zimene nkhope iyi yaphunzira pa nkhani yometa. Sindinaziwerenge m'buku. Chilichonse chili ndi chipsera chake, ndipo ukudziwa pamene chili chifukwa lumo lako limachilambalala Loweruka lililonse.

Agogo ako, amene anayenda wapansi kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito pa mapurazi ano, ankameta ndi chidutswa cha botolo. Ankasankha mabotolo akuda, ati obiriwira ndi a ana. Ine nditagula lezala langa loyamba anandiyang'ana ngati ndagula galimoto. Ndiye usadabwe kuti ndinalisunga monga ndikuuzemu.

Chaka chimene ndinkafunsira amai ako ndinali ndi lezala limodzi, ndipo ndinkalikonda ngati m'bale wanga. Likabuntha ndinkalinola m'kati mwa tambula, kulizunguza ndi chala m'timadzi, monga ankachitira mwamuna aliyense pa purazi. Linandimeta nthawi yowokera fodya, linandimeta nthawi yothyola, linandimeta nthawi yowotcha. Tsiku lokaonekera kwa makolo a amai ako, amene ankakama ng'ombe ku mapurazi a ku Beatrice, linali litatopa nane. Silinkadulanso, linkazula, ndipo pena linkazula ndi nthaka yomwe. Ndinatseka mabalawo ndi tizidutswa ta nyuzipepala imene ndinkapichirira fodya, kuti ndikachotsa ndikafika pamsewu. Ndinaiwala. M'basi anthu ankandiyang'ana kwambiri, ine n'kumati ndi jekete yobwereka ija. Titafika tinakhala pamphasa, ankhoswe anga akulankhula zaulemu, koma ndinaona kuti agogo ako akuchikazi, bambo wodziwa kuwerenga, sakumva chilichonse. Maso ali pa ine. Kenaka anati, "Anyamata, tatembenukirani uku pang'ono." Ndinatembenuka. "Kwezani chibwano." Ndinakweza, mtima uli m'malo kuti akuyesa ngati ndili wamphamvu. Iwo anati, "Zikomo. Nkhani ya mpirayi yayambira pa tsaya ili, koma zigoli ndazipeza kunsi kwa khutu." Amai ako anali kuseri kwa chitseko, ndipo ndinamva munthu akutsamwa. Anandilola ndithu, koma mpaka kumwalira kwawo agogo akowo ankati ndikafika, "Bwerani mkamwini, kunja kuli zotani?"

Ndiye mwana wanga, lezala si munda woti udzasiyire ana. Likayamba kukoka m'malo modula, lathana nawe. Usalinole, usalichonderere. Uliponye m'kachitini kotseka, osati kulisomeka m'ming'alu ya khoma monga timachitira kuno, kumene ana amapisa zala. Ndabwereza: likakoka, litaye.

Tsopano za kusankha. Akuti kumeneko sitolo imodzi imakhala ndi khoma lathunthu la zometera zokhazokha, ndipo chilichonse chili ndi chithunzi cha mwamuna wosalala ngati dzira. Usatengeke. Mlamu wako, mwamuna wa Rudo, anandibweretsera kuchokera ku Joni lumo la mipeni yambiri yondondozana ngati hara ya thirakitala, chogwirira chake chonyezimira. Ndinameta nalo pabwalo kuti komboni yonse ione. Tsiku limenelo ndinali wosalala moti ntchentche inatera n'kutsetsereka. Patapita masiku ochepa khosi langa linasanduka chinanazi. Ndevu zathuzi si za azungu zoongoka ngati udzu. Zathu zimamera mopotana, ndipo ukazidulira pansi kwambiri zimakhota n'kubwerera m'khungu, ngati munthu amene watuluka panja n'kukumbukira kuti wasiya fodya m'nyumba. Pamenepo ndiye ziphuphu, kuyabwa ndi mafinya. Amai ako anandipatsa thaulo langalanga ndipo mtsamiro wanga anausunthira kumiyendo. Ndinawauza kuti ndi matenda a anthu olemera, ochokera ku Joni. Anati ndiwabwezere komweko.

Iwe ugule lija la mpeni umodzi lakuthwa uku ndi uku, lomangira pa chogwirira chachitsulo, ngati limene umandimetera. Ngati kulibe, la mipeni iwiri, osapitirira apo. Usanayambe, sisita nkhope ndi dzanja umve kumene ndevu zaweramira, ndipo lumo litsate komweko. Pakhosi pako zimazungulira ngati za ine, usamale. Usakanikize, kulemera kwa chogwiriracho n'kokwana. Ndipo usabwerezebwereze pamalo amodzi pofuna kusalala ngati mwamuna wa pachithunzi. Ameneyo alibe ndevu chibadwire, anangomulemba ntchito.

Sopo. Kwa zaka zambiri ndinkametera sopo wobiriwira wochapira zovala uja, yemweyo wotsukira mbale, yemweyo wosambitsira galu. Thovu lake limauma usanamalize tsaya limodzi, ndipo nkhope imatsala yokakamira moti ukaseka imang'ambika. Kwa munthu wonga ine zimenezo ndi ngozi ya tsiku ndi tsiku. Iwe wakulira m'mashedi, ukudziwa kuti fodya wochoka m'bhani sitimugwira ali gwaa, amafumbutuka. Timayamba tamufewetsa ndi nthunzi. Ndevu n'chimodzimodzi. Nyika thaulo m'madzi otentha, ufunditse nkhope, udikire. Kenaka sopo weniweni wometera, wa m'kachibakuli kapena wofinya m'chubu, umupakase ndi bulashi mpaka thovu lilimbe ngati phala la mwana, loti likakhala pa tsaya silitsika. Posankha usanunkhize, ufunse ngati amafewetsa. Wonunkhira kwambiri nthawi zambiri ndi amene amawotcha.

Za thovu la m'chitini chopopera sindinganene zoipa, chifukwa ndinalimetera kamodzi kokha ndipo silinali lometera. Khukhi wa kunyumba yaikulu anandipatsa chitini chimene dona anataya, ati ndi chimene bwana amapaka. Kunena zoona sindinametepo mofewa ngati tsiku limenelo. Koma agalu a pa komboni ananditsatira mpaka kumabhani, ndipo mmodzi anandinyambita ndikuwerama kusonkheza moto. Chinali cha kirimu wa pa keke. Iwe unapita kusukulu, uziwerenga chitini mbali zonse.

Koma chimene ndikukuletsa ndi mawu aakulu ndi ufa uja wometa popanda lumo. Anyamata ena adzakuuza kuti umathetsa ziphuphu. Mwina. Ine ndinaugula kwa Che Saidi, mnzanga wachisilamu wa kagolosale ka pakhomo la komboni, munthu wogulitsa malezala amene iye mwini ndevu zake sizinaonepo chitsulo kuyambira dziko lino lisanasinthe dzina. Anandiuza kuti, "A Mwale, musungunule ndi madzi, mupake, mudikire kanthawi kongowiritsa tiyi basi, kenaka mupale ndi msana wa supuni. Mukachedwa uyamba kumeta nyama." Ndinapaka Loweruka masana kuseri kwa nyumba. Fungo lake linali la mazira amene nkhuku inawataya mtima kalekale. Nditangotsala pang'ono kutenga supuni, ndinamva "Odi" pakhomo. Anali a Chisale, mkulu wa mpingo, kudzaona amai ako amene anali atangochira kwa Rudo. Ndinati ndingosuzumira ndipereke moni. Iwo osayang'ana n'komwe nkhope yanga anandigwira dzanja, maso atatseka kale, nati, "Tiyeni tipemphere."

Iwe a Chisale sunawapeze. Pemphero lawo linkayambira m'munda wa Edeni ndipo silinkadumpha mudzi. Pamene ankawolotsa ana a Israyeli pa nyanja, chibwano changa chinali chitayamba kutentha. Anapempherera mwana, anapempherera mvula, anapempherera fodya wa m'munda ndi wa m'bhani. Anapempherera boma la kuno, n'kuwoloka malire kukapempherera la kumudzi, kenaka n'kuyamba maboma a ku Malawi limodzi limodzi kuyambira kumpoto. Ali ku Kasungu ine ndinati "Ameni" mokweza, kuti mwina amva. Iwo anamva ngati ndikuwathira mafuta. Ali ku Dedza, kwawo kwa agogo ako, anaima kutchula midzi. Misozi inayamba kutsika yokha, mphuno kutuluka madzi, thupi lonse kugwedezeka, ndipo ndinayamba kubuula. A Chisale anandifinya dzanja nati, "Musamuleke, Ambuye, mwamugwira. Muwotcheni mpaka chonyansa chonse chichoke, pakuti ngakhale fungo lake tikulimva." Amai ako anatsegula diso limodzi, anaona, anatsekanso, ndipo bedi linayamba kunjenjemera.

Atafika pa Ameni weniweni ndinathamangira ku dramu la madzi n'kuvikamo mutu wonse. Ndevu zinachoka, khungu linatsatira. Mawa lake ku tchalitchi a Chisale anachitira umboni kuti aona ndi maso awo Mwale wanthabwala uja akulirira machimo ake, ndipo mpingo unandisankha kukhala wolandira alendo pakhomo. Ndinaima pamenepo zaka zambiri chifukwa cha ufa wa Che Saidi. Ndiye ngati udzaugule, uyese kaye pakadera kakang'ono, ukhome chitseko, uzimitse foni, ndipo uonetsetse kuti m'dera lonselo mulibe munthu wopemphera.

Ukamaliza kumeta, madzi ozizira, kenaka timafuta tosanunkhira. Sipiriti wofiirira wa m'mapulaimasi uja usamuyandikire. Sindifotokoza. Ukafunse amai ako chifukwa chake pa chithunzi cha ubatizo wako ndaima chammbali.

Pali chimodzi chimene sindikuseka. Ukudziwa mwambo wathu: maliro akatha, abale timakhala pamphasa m'mawa n'kumetedwa mipala. Kale lumo linkakhala limodzi, kuyambira wamkulu mpaka kamwana, kusonyeza kuti chisoni ndi chimodzi. Ndiye kunabwera zaka zija matenda analowa m'makomboni, pamene makasu a kumanda sankauma dothi. Iwe unali usanabadwe. Tinaika mng'ono wanga Sitefano, amene ukanamutcha bambo aang'ono. Wometa anali Che Saidi, chifukwa ndiye sahwira wa banja lathu monga amanenera anzathu achishona: amatisambitsira akufa athu, kutikumbira manda, ndi kutinyoza pamaliro kuti tisalire mopitirira. Tsiku limenelo anabwera ndi bokosi lathunthu la m'golosale mwake, n'kuyamba kumasula lezala latsopano pa mutu uliwonse. Azakhali anga aNangondo anakana. "Kodi tasanduka alendo? Lumo la maliro limakhala limodzi, Saidi. Za kumzikiti kwanu musatibweretsere." Iye anati, "Mayi, si za kumzikiti, ndi za msana wanga. Ndatopa kukumbira banja lino. Mukafuna lumo limodzi, wotsatira mukakumbe nokha, ine ndidzangobwera kudzadya." Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Azakhaliwo anamutukwana mpaka agogo ake, kenaka anavula duku n'kukhala patsogolo. Kuyambira pamenepo pa komboni ino mutu uliwonse uli ndi lezala lake.

Ndikunena izi chifukwa kumeneko mukakhala anyamata ambiri m'nyumba imodzi, ndipo m'mawa wina mnzako adzagogoda kubafa, "Shamwari, ndibwereke lumo, ndachedwa." Umupatse buledi, umupatse jekete, umupatse latsopano la m'pepala. Limene lakhudza khungu lako ndi lako wekha. Wamva, Tendai? Lako wekha.

Tsopano za nkhalamba zimene ukukazimeta. Poyamba zinkandiwawa kuti mwana amene anaphunzirira pa chibwano changa akameta abambo a eni ake. Kenaka ndinaganiza kuti ndiye kuti ndine sukulu, ndipo ndikuyembekeza kuti boma la kumeneko linditumizira kalata yothokoza. Manja uziyamba wawatenthetsa, akuti dzikolo ndi lozizira ngati mochare. Uzimuuza munthu usanamukhudze. Khungu la nkhalamba ndi thumba la fetereza lopanda kanthu, ulitambasule ndi zala ziwiri mofatsa, apo ayi lumo likwera phiri. Ena amamwa mankhwala oti akachekeka magazi saleka msanga, ndiye akakuuza kuti uyu ndi wa makina, usachite makani a bambo ako. Pansi pa mphuno uzidikira amalize nkhani yake, ngakhale waimva kale dzulo ndi dzana. Umupatse thaulo agwire yekha, kuti naye akhale ndi ntchito. Ukamaliza umuonetse galasi n'kumuuza kuti atsikana avutika lero. Limenelo si bodza, ndi mbali ya ntchito.

Ndipo ngati pampando wina udzapeze mzungu wofiira makutu, wodziwa kutukwana m'Chichewa chothyoka, ameneyo ndi amene anali mwini purazi lino asanabwere atsopanowa. Tinkamutcha Bwana Fulumira, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankawatchula bwino. Akuti anapita komweko. Umumete bwino, usamucheke, ndi nkhalamba ngati ine. Koma umumete pang'onopang'ono. Akati fulumira, umuuze kuti bambo anga a Mwale a kumabhani akupereka moni, ndipo ati lero mudikire ndinu.

China sindingakuphunzitse chifukwa unachidziwa wekha. Tsiku lija unandipeza kuseri kwa nyumba magazi ali pa malaya, lumo likuvina m'dzanja, sunafunse kanthu. Unangolitenga ngati ukundilandira katundu, n'kuyamba kundiuza za timu yako imene inagonja. Unandimeta ukudandaula za goloboyi mpaka kumaliza, ndipo ine sindinapeze mpata wochita manyazi. Uzikachita chomwecho kumeneko.

Tsopano tibwerere ku funso lako, loti azindimeta ndani. Waona wekha m'mawa uno. Ndatuluka m'chipinda ndili see, iwe uli ndi kapu ya tiyi, ndipo unaiika pansi. Unabwera n'kundisisita tsaya ngati wogula fodya ku okushoni. Unafunsa kuti, "Baba, mwameta nokha?" Ndinakuuza, ndipo ndikulembanso pano kuti zisungike m'mbiri ya dziko: ndatulukira njira. Zaka zonsezi ndinkalimbana ndi dzanjali kuti lileke kunjenjemera, osadziwa kuti azungu amalipira ndalama zambiri kugula makina ochita zomwezo. Ndiye ndatsamiritsa chigongono pawindo, ndagwira lumo, ndalisiya dzanja lichite zake, ine n'kumangoyendetsa nkhope uku ndi uku. Makina osafuna magetsi, osafuna mabatire, oti ngakhale magetsi atapita sabata yonse iwo ali pa ntchito. Kenaka unapita kukamaliza kulongedza sutikesi imene inakhala yotsegula kuyambira Loweruka. Amai ako anatulukira kukhitchini msangamsanga, ati anyezi.

M'thumba la m'mbali mwa sutikesimo muli bulashi yanga ya chogwirira chamtengo. Yathothoka pakati ngati mwini wake, koma thovu imalidziwa. Ukaitsuka uziimika ubweya uli pansi kuti iume. Uzitumiza mawu pa foni ya Rudo, ndipo pa chithunzi uzionetsa khosi, ndione ngati ukumvera. Usasunge ndevu zoti tidzakulonjere ngati mlendo pobwera. Lezala likakoka, litaye. Lako ndi lako wekha. Ufa uja, khoma chitseko.

Mulungu wa agogo ako, amene anawawolotsa Zambezi ndi chidutswa cha botolo m'thumba, akuwolotse nawenso.

Ndine bambo ako, mwini chibwano,
Yotamu Mwale

Ndapinda kalatayi kenaka ndaitambasulanso. Zonse ndalembazi ndi zoona, ngakhale za agalu, kupatula chimodzi. Za makina osafuna magetsi ndapeka. Ndinayesadi, mbandakucha, ndipo lumo linagwera m'beseni ndisanafike n'komwe pa tsaya. Ndiye ndinazemba kudzera kuseri kwa zimbudzi kukagogoda kwa Che Saidi, amene anali atangomaliza swala. Anandikhazika pa kreti pakati pa matumba a shuga. Ndinati, "Inu simunametepo chibwano, ngakhale chanu." Anati, "A Mwale, tsiku lomaliza wodzakumetani ndine ndemwe. Bola ndiyambe kuiphunzira nkhopeyi mukadali wotha kudandaula." Ndinadandaula kuyambira tsaya ili mpaka linalo. Anandicheka kuseri kwa khutu, n'chifukwa chake wandiona ndavala sikafu ya amai ako dzuwa likuswa mtengo.

Ndawauza amai ako kuti akupatse kalatayi utakwera kale kombi ya ku Harare, ndiye ndikudziwa kuti pano wayamba kuyang'ana chitseko. Usatsike panjira pa Mazowe kuti ubwerere. Manjawa sanachire ndipo sachira, koma si iwe wekha uli ndi manja pa komboni ino. Che Saidi ati Loweruka lililonse akatsegula golosale ndizikhala woyamba, ndipo andilonjeza kuti khutu linalo alisunga mpaka udzabwere.